KHOSWE WA PAMKHATE: MAU PANG'ONO PA MSONKHO WA MABOTI A ANTHU OLEMERA

Makolo athu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwambiwu adaupeka asanaone madoko a ku America ndi ku Ulaya, kumene mitu ikuluikulu yakhala ikulewa nkhonya ya msonkho kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo nkhonya iriyonse yolewedwayo yakhala ikugwera pa mutu wa munthu wina wamng'ono amene analibe kothawira. Nkhani yanga ndi ya msonkho wa maboti osangalalira, maboti amene sagwira nsomba zogulitsa, sanyamula katundu kapena anthu aulendo, koma ntchito yao ndi kuyendetsa mwini wake pamadzi Loweruka ndi Lamulungu kuti apitidwe kamphepo. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuseka, mukuti mwana ameneyu mabuku amzunguza mutu, ife tiribe ngakhale njinga, nanga za maboti a kutsidya kwa nyanja zitikhudza pati? Taimani pang'ono. Boti ndi chuma chimene chimatha kunyamuka usiku, ndipo mmene boma lichitira ndi chuma chothawa ndi mmene mungadziwire ngati lamulo lake liri la anthu onse kapena la okhawo osowa miyendo.

Tiyambe ndi kufotokoza chinthucho, poti sitingakangane pa nyama imene sitinaione. Ku America mizinda ndi madera ali ndi makhonsolo ao, ndipo ndalama zambiri zolipirira aphunzitsi a sukulu za boma, apolisi ndi ozimitsa moto zimachokera ku msonkho wa katundu umene anthu amapereka chaka ndi chaka. Katundu woyamba ndi nyumba ndi malo. Koma m'zigawo zina za dzikolo, monga Virginia ndi California, lamulo limawerengeranso katundu woyenda, ndipo boti liri m'gulu limeneli. Kalaliki wa khonsolo amayerekeza mtengo wa botilo monga unaliri pa 1 Januwale, kenaka amatumiza kalata yonena ndalama zoti mwini wake apereke. Ku California msonkhowu umakhala pafupifupi dola imodzi pa madola 100 alionse a mtengo wa boti. Msonkho umenewu ngwosiyana ndi uja wa pogula, umene munthu amapereka kamodzi kokha tsiku lotenga katunduyo. Uwu ngwa chaka chirichonse, malinga ngati botilo likadali lako. Tsono pali kabowo kamodzi kamene kadamiza zonse: kawirikawiri msonkhowu umapita ku khonsolo ya kumene botilo limagona, osati ya kumene mwini wake amagona. Nyumba siingasamuke. Boti limangofuna kumasula chingwe.

Taonani zimene zidachitika mu mzinda wa Virginia Beach, umene uli pa mathiriro a nyanja ya Chesapeake Bay. Malamulo aakulu a chigawo cha Virginia salola khonsolo kungofafaniza msonkho wa katundu mwa kufuna kwake, koma amailola kusankha mlingo wake. Akuluakulu a mzindawo, poopa kuti maboti athawira ku madoko a anansi ao, adachita ukathyali wololedwa ndi lamulo: adatsitsa mlingo wa msonkho wa maboti osangalalira mpaka kufika pa kachidutswa kosaoneka ka senti, kotero kuti boti la madola 1 miliyoni msonkho wake wa chaka chonse sunkapitirira senti imodzi. Senti imodzi! Sitampa yotumizira kalata ya msonkhoyo njodula kuposa msonkho weniweniwo. Pamene zinthu zinali chomwechi, galimoto ya namwino kapena ya mmisiri wa mipope ya madzi, imene popanda iyo sangafike kuntchito, inkawerengeredwa madola 4 pa madola 100 alionse, ngakhale kuti kuyambira 1998 boma la chigawo lakhala likuthandizako kulipira gawo lina. M'chaka cha 2025 oyendetsa mzindawo adaganiza zobwezeretsa msonkho wa maboti pa mlingo wa dola imodzi ndi theka pa madola 100, kuti apeze ndalama zokumbira mchenga umene umatseka njira za mabotiwo. Eni maboti adakuwa, ndipo ganizolo lidafera m'mazira.

Ndifunse tsono: mchengawo akumbe ndani? Njira ya pamadzi siidzikumba yokha. Zizindikiro zoyandama ndi nyali zolondolera maboti usiku sizimera ngati bowa. Boti likayamba kumira pakati pa namondwe, asilikali a pamadzi a Coast Guard amanyamuka ndi sitima kapena ndege kukapulumutsa anthuwo, ndipo sawatumizira bilu. Nzoona kuti eni maboti amapereka msonkho pa mafuta ndiponso kandalama ka kalembera, koma wagalimoto nayenso amapereka zomwezo, ndipo palibe amene adamuuza kuti pa chifukwa chimenecho msonkho wa galimoto yake wakhululukidwa. Khonsolo ikaleka kutolera kwa mmodzi, ana a sukulu sachepa, moto suleka kubuka, malipiro a apolisi satsika. Ndalama yosowayo imakatengedwa kwa amene sangathawe: mwini kanyumba, wokhala m'nyumba ya lendi amene amangouzidwa kuti lendi yakwera, ndi mwini kagalimoto. Walira mvula walira matope. Anthu awa mvula alira okha, koma matope akuti apondemo ena.

Virginia Beach siiri yokha. Zigawo za m'mphepete mwa nyanja zakhala zikupikisana kugwadira maboti ngati ogulitsa tomato pamsika otsitsirana mtengo mpaka onse kubwerera kunyumba chimanjamanja. Rhode Island idachotseratu msonkho wa pogula boti mu 1993, ndipo wa chaka ndi chaka nawonso kumeneko kulibe. Florida mu 2010 idaika malire akuti msonkho wa pogula boti usapitirire madola 18,000, kaya botilo likhale lodula motani. Maryland idatsatira mu 2013 ndi malire a madola 15,000. New York mu 2015 idati izingowerengera madola 230,000 oyambirira a mtengo wa boti. New Jersey mu 2016 idadula msonkho wake pakati niikanso malire a madola 20,000, ndipo Texas mu 2019 idaika ake a madola 18,750. Nyimbo yake inali imodzimodzi konsekonse: mnansi wathu watsitsa, ifenso tikapanda kutsitsa maboti atithawa. Mapeto ake onse atsitsa, maboti ngomwewo, koma matumba a boma ndiwo apepuka.

Tsono tengani pensulo, inu a masamu. Ku Florida msonkho wa chigawo wa pogula ndi madola 6 pa 100. Munthu wogula kaboti ka madola 20,000 apereka 1,200. Wogula la madola 300,000 apereka 18,000, ndipo pamenepo wafika pa malire. Wogula la madola 30 miliyoni aperekanso 18,000 yomweyo, ndiye kuti masenti 6 okha pa madola 100 alionse. Wa kaboti uja walipira mlingo woposa wa mnzake wolemerayo ka 100. Mabuku amene timawerenga m'kalasi amati msonkho wachilungamo umakwera pamene chuma chikukwera. Apa makwerero adaimikidwa mozondoka. Ndipo ngati izi nzochepa, lamulo la msonkho la boma lalikulu la America limalola boti lokhala ndi pogona, pophikira ndi chimbudzi kuwerengedwa ngati nyumba yachiwiri, kotero kuti chiongoladzanja cha ngongole yogulira botilo, kufikira pa malire ena, chingachotsedwe pa ndalama zimene munthuyo akhomerapo msonkho. Ikafika nthawi yokhululukidwa, boti ndi nyumba. Ikafika nthawi yokhoma ngati nyumba, boti ndi mlendo wongodutsa.

Musaganize kuti matendawa nga chipani chimodzi cha ndale. Mu Julaye 2010 nyuzipepala ya Boston Herald idaulula kuti John Kerry, amene panthawiyo anali phungu woimira chigawo cha Massachusetts m'nyumba ya malamulo ya Senate, ndiponso wa chipani chokonda kunena kuti olemera azikhoma zambiri, anali atakocheza boti latsopano la banja lake ku Newport, m'chigawo choyandikana cha Rhode Island. Botilo, dzina lake Isabel, linali lotalika mapazi 76, lopangidwa ku New Zealand, la mtengo wa madola pafupifupi 7 miliyoni. Likadagona kwao ku Massachusetts, bwenzi atapereka madola 437,500 a pogula, ndi ena pafupifupi 70,000 chaka chirichonse. Omulankhulira adati botilo linali kumeneko kaamba ka zokonzakonza ndi kubwereketsa, osati kuzemba msonkho. Anthu atakwiya, mkuluyo adalonjeza kupereka ndalamazo. Koma taganizani bwino: chidamkhometsa ndi manyazi, poti ndi munthu wofuna mavoti. Nanga eni maboti ambirimbiri amene safuna voti ya munthu aliyense, amene maina ao sadzatuluka m'nyuzipepala? Lamulo logwira ntchito pokhapokha mtolankhani akafika ndi kamera ndi lamulo lodwala.

Pano ndiye pamabwera nthano imene aliyense woteteza maboti amaidziwa pamtima, nthano ya 1991. Ndiisimba osabisa kanthu, chifukwa muli zoona zowawa. Mu Novembala 1990 Pulezidenti George H. W. Bush adasaina lamulo loika msonkho wa madola 10 pa 100 pa katundu wamanyado: malaya a ubweya wa nyama ndi zodzikongoletsera za miyala yamtengo wapatali zoposa madola 10,000, magalimoto oposa 30,000, ndege zoposa 250,000 ndi maboti oposa 100,000. Msonkhowo unkawerengedwa pa gawo lokhalo la mtengo lopitirira malirewo, ndipo udayamba pa 1 Januwale 1991. Malonda a maboti aakulu adagwa chagada. Kampani ya Viking Yachts ya ku New Jersey, imene inali ndi antchito oposa 1,000, idatsala ndi osakwana 100. Mmodzi mwa eni ake, Bob Healey, adatsogolera nkhondo yolimbana ndi msonkhowo, mpaka kutentha boti pa nyanja ya Narragansett Bay kuti dziko lonse lione. Mu Ogasiti 1993 Pulezidenti Bill Clinton adasaina lamulo louchotsa pa maboti. Kuyambira pamenepo, munthu akangotchula msonkho wa boti, amamlozera mmisiri wochotsedwa ntchito, nati: kodi ukufuna kupha uyu?

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwini boti adapeza mkhate wake, ndiye mmisiri wopala matabwa, wopenta ndi wokonza injini. Ukangodzutsa chibonga, amakuuza kuti uswa mbiya. Koma tiyeni tiione bwino nthanoyi. Choyamba, malonda a maboti anali atayamba kale kutsika msonkhowo usanabadwe, ndipo kuyambira Julaye 1990 mpaka Malichi 1991 chuma cha America chonse chinali chitalowa pansi. Ofesi ya boma yofufuza za ndalama, General Accounting Office, itaunika nkhaniyi mu 1992, idalephera kulekanitsa bwino zimene zidaonongeka ndi msonkho ndi zimene zidaonongeka ndi kugwa kwa chumacho. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, msonkho wa 1991 unali wa pogula boti latsopano lokha. Wolemera amene anali nalo kale boti sadakhudzidwe. Wogula boti lakale kwa mnzake sadakhudzidwe. Njira yolewera inali yapafupi zedi: leka kugula latsopano, dikira. Nkhonya yolewedwayo idagwera wopanga maboti atsopano, monga momwe wophunzira aliyense wa chaka choyamba cha zachuma akadaneneratu. Msonkho wa chaka ndi chaka pa boti limene munthu ali nalo ndi nyama ina. Sufunsa ngati botilo nlatsopano kapena lakale, lopangidwa kwanu kapena kunja, ndipo kudikira sikuuthetsa. Inde, msonkho ulionse umachepetsako chilakolako chogula. Wa nyumba nawonso umatero, koma sindinamvepo wina akuti tichotse msonkho wa nyumba kuti omanga nyumba asasowe ntchito. Kutenga kulephera kwa msonkho wina nkumaopsezera nako wina kuli ngati kuletsa mudzi wonse kudya ndiwo chifukwa munthu mmodzi adafa ndi bowa. Onaninso kuti msonkho womwewo pa magalimoto odula udakhalapobe mpaka kutha kwa 2002, koma magalimoto odula sadathe m'misewu.

Pali gulu lina la odandaula limene ndikulimvera chisoni, ndipo dandaulo lake nlomveka. Mwa maboti osangalalira oposa 11 miliyoni olembedwa m'kaundula ku America, bungwe lenilenilo la opanga maboti limati 95 mwa 100 alionse ngosakwana mapazi 26. Eni ake ambiri ndi anthu wamba odikira malipiro a pamwezi, amene kaboti kao amakakoka ndi galimoto nkukaimika kuseri kwa nyumba. Kaboti kotere sikangathawire ku Rhode Island, chifukwa mwini wake akafuna kukawedza Loweruka ayenera kukapeza pakhomo. Ndiye kumene msonkhowu ukadalipo, amene amaukhoma mokhulupirika ndi ameneyu, pamene boti lalikulu lokhala ndi woyendetsa wolembedwa ntchito liri phee pa doko la chigawo china kumene msonkho kulibe. Munthu wotereyu akakwiya ali ndi chifukwa. Kulakwa kwake nkumodzi: walola kuti mkwiyo wake ubwerekedwe. Iye ndiye amaikidwa kutsogolo, ndi chipewa chake chakutha, kuti akuwe kuti msonkho uchoke. Ukachoka, iye wapulumutsa madola mazana angapo, wa boti lalikulu wapulumutsa zikwi makumimakumi, ndipo dzenje lotsalalo adzalikwirira ndi msonkho wa nyumba ya wamng'ono yemweyo. Adamtuma kukaphula nyama pamoto, iye nkutsala akunyambita zala zakupsa.

Ena amati: ndalama zogulira botili ndidazikhomera kale polandira malipiro, ndidakhomanso pogula, nanga bwanji mundikhometse chaka ndi chaka pa chinthu chongotha mtengo? Funso labwino, koma alifunse mokweza kuti mwini nyumba alimve, pakuti nayenso adamanga ndi ndalama zokhomedwa kale, simenti ndi malata adazikhomera pogula, ndipo azikhomabe chaka chirichonse mpaka imfa. Ngati mfundoyi iri yoona, ithetse msonkho wa katundu yense, ndipo mutiuze kumene malipiro a aphunzitsi achokere. Ngati siigwira ntchito pa denga limene munthu amabisalamo mvula, siingagwire ntchito pa chidole choyandama. Kunena za kutha mtengo, kalaliki amatsitsa chiyerekezo chake pamene boti likukalamba, ndipo msonkho umatsika nawo limodzi.

Mfundo yomaliza ya otsutsa ndiyo yamphamvu kuposa zonse: akuti msonkhowu sutoleka. Umboni ali nao, ndipo amautenga kunja kwa America. Mu Disembala 2011 boma la Mario Monti ku Italy lidaika msonkho pa maboti otalika kuposa mamita 10. Maboti ambiri adaoloka kupita ku Croatia ndi ku Corsica, ndalama zotoleredwa zidachepa kutalitali ndi zimene boma linkayembekeza, ndipo pofika 2016 msonkhowo udachotsedwa. Ku France mu 2018 Pulezidenti Emmanuel Macron adathetsa msonkho wa pa chuma chonse cha olemera nasiya wa nyumba ndi malo okha. Pofuna kutseka anthu pakamwa, aphungu adaonjezera msonkho pa maboti a mamita 30 kapena kuposa, nayembekeza mayuro 10 miliyoni pachaka. Chaka choyamba sadapeze ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalamazo, popeza maboti otere ambiri amalembetsedwa m'maina a makampani ndi pansi pa mbendera za maiko ena. Canada idayamba msonkho wa pogula maboti oposa madola ake 250,000 mu Sepitembala 2022, ndipo mu Novembala 2025 boma lidalengeza kuti likuuchotsa. Boti lalikulu lamakono lingakhale ndi mbendera ya Cayman Islands, kampani ya pa chilumba china, doko la ku Monaco, ndi mwini wake amene pa pepala alibe ngakhale nkhafi.

Munthu akadakhulupirira kuti maboma ngopanda mphamvu chikadapanda chaka cha 2022. Russia italowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine mu Febuluwale chaka chimenecho, America ndi maiko a ku Ulaya adaganiza zogwira chuma cha anthu olemera oyandikana ndi boma la Russia. Mwadzidzidzi maso adatseguka. Mu Malichi France idagwira boti lotchedwa Amore Vero pa doko la La Ciotat, Italy nigwira Sailing Yacht A ku Trieste. Mu Epulo Spain, mothandizana ndi America, idagwira Tango ku Palma de Mallorca, ndipo apolisi a ku Germany adafukula mapepala a Dilbar, boti la mamita 156 limene linali ku Hamburg. Mu Meyi Amadea idagwidwa kutali ku Fiji pa pempho la America. Mabotiwa anali olembedwa m'maina a makampani ndi mabungwe osungira chuma, ofanana ndi aja amene okhometsa msonkho akhala akunena kwa zaka zambiri kuti ngosatheka kuwalondola. Nzoona kuti milandu ina ya umwini idakokana m'makhoti nthawi yaitali, koma kupeza botilo ndi kulimanga chingwe kudatenga masabata owerengeka. Chinthu chotalika ngati bwalo la mpira, chofuna doko, mafuta, inshuwalansi ndi antchito makumi angapo, sichibisika ngati khobidi la m'thumba. Chimene chinkasowa zaka zonsezi ndi chifuniro basi.

Choncho ine ndikuti msonkho wa maboti osangalalira ukhalepo, koma uumbidwenso. Utsate mwini, uleke kutsata chingwe: munthu akhome kumene iye amakhala, kumene ana ake amaphunzira ndi kumene apolisi amalondera nyumba yake, kaya boti lake lagona kuti. Boti lolembedwa m'dzina la kampani liwerengedwe kwa munthu weniweni amene amalamula kuti linyamuke liti. Ziwirizi ziyendere pamodzi: Italy mu 2012 idasandutsa msonkho wake uja kukhala wa umwini, koma lamulolo silidakhudze maboti a anthu ndi makampani akunja, ndipo theka la mankhwala silichiza. Maboti ogwirira ntchito apatulidwe. California imachita kale zimenezi, pakuti boti la msodzi wogulitsa nsomba lolembetsedwa moyenera limawerengeredwa pa madola 4 okha mwa madola 100 alionse a mtengo wake. Timaboti tating'ono tikhululukidwe mpaka pa mtengo wina woikika, ndipo kuchokera pamenepo mlingo uzikwera, popanda denga lotchinga olemeretsawo. Potsiriza, makhonsolo ndi zigawo zogawana nyanja imodzi zipangane mlingo umodzi. Boti limathawa chifukwa pali doko lina lolimwetulira. Madoko onse a Chesapeake Bay akadalankhula mau amodzi, mwini boti wa m'deralo sakadakalisunga kumalekezero a dziko kumene sangalione Loweruka likafika.

Ife a kuno sitisowa kuphunzitsidwa kuti boma likafuna msonkho limadziwa kulondola munthu. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston adaika msonkho wa nyumba m'dziko limene lero ndi Malawi, ndipo m'nthawi ya atsamundayo makolo athu ena amene adalephera kupeza masheleni ochepawo adaona nyumba zao zikutenthedwa ndi akazi ao akugwidwa chikole mpaka mwamuna atatulukira. Palibe bwanamkubwa amene adati tichotse msonkho chifukwa anthu akuthawira kuthengo. Kuthawa kwa wosauka kunkatchedwa mlandu. Kuthawa kwa wolemera lero kukutchedwa mfundo ya zachuma, ndipo kumajambulidwa pabolodi ndi mizere yokongola. Sindikupempha kuti mwini boti amtenthere chake ai; nkhanza ija inali yoipa ndipo idzakhala yoipa. Ndikungofuna kuti tione kuti mau akuti "sizitheka" amatuluka pokhapokha wothawayo akakhala wonenepa.

Anzanga, ambiri a ife tikatuluka pano tidzakhala m'maofesi a zachuma, a msonkho ndi a makhonsolo, ena mwina m'nyumba ya malamulo. Tsiku lina adzabwera munthu wa suti yabwino. Kapena sadzanena za boti. Adzanena za ndege, za mgodi kapena za kampani, nadzati mukandikhometsa ndichoka, ndipo antchito anga adzafa ndi njala. Musadzathamangire kugwada. Mudzamfunse kuti achoka kupita kuti, ndipo mudzayambe mwalankhula ndi a kumeneko. Mudzamfunse kuti ndalama imene akukanayo idzachokera m'thumba la yani, ndipo yankho lake lilembedwe pa pepala lomwelo limene akufuna musaine. Ndipo inu aphunzitsi athu, pamene mutisimbira nthano ya 1991, muzitisimbiranso za senti imodzi ya ku Virginia Beach ndi za maboti ogwidwa mu 2022. Khoswe wakhala pamkhate nthawi yaitali, ndipo tamsiya adye mpaka kukhuta poopa kuswa mbiya. Mkhate umasunthika pang'onopang'ono, chibonga chiri m'manja.